Funso la pa imelo: kodi mlongo wanga angamugonekenso ku chipatala mokakamiza?

Mayi wina wandilembera imelo, dzina ndalisunga. Akuti mlongo wawo amadwala schizophrenia, matenda a maganizo okhalitsa omwe amabweretsa psychosis, chaka chatha anamugoneka ku chipatala cha matenda a maganizo iye asakufuna, pano ali pakhomo koma wayamba kudumphitsa mankhwala. Nde akufunsa kuti ndi anthu otani amene amagonekedwa mokakamiza, komanso ngati zingamuchitikirenso.

Achemwali, sindikunamizani, zitha kuchitikanso. Mu 2019 magazini ya madokotala ya Lancet Psychiatry inatulutsa lipoti lomwe linasonkhanitsa kafukufuku 77 wa m'mayiko 22, odwala pafupifupi 975,000, ndipo 23 mwa 100 aliwonse analowa m'chipatala chowakakamiza. Pa zinthu zokweza chiopsezo chogonekedwa mokakamiza, zomwe zinaposa zonse ndi ziwiri: matenda a psychosis, aja munthu amamva mawu kapena kukhulupirira zinthu zoti kulibe, komanso kugonekedwapo kale mokakamiza. Chilichonse mwa ziwirizi chimakweza chiopsezo kuposa kawiri, ndipo mlongo wanu zonse ali nazo. Bipolar, matenda aja munthu amasinthasintha pakati pa kusangalala mopyola muyezo ndi kukhumudwa kwambiri, nayonso imakweza, koma osafika pamenepo.

Lipoti lomwelo linapezanso kuti amuna, anthu osakwatira ndi anthu osagwira ntchito amagonekedwa mokakamiza kwambiri. Apa musawerenge molakwika ayi, sikuti umbeta umadwalitsa. Mmene ndimaonera ine, nkhani ndi yoti pamasowa munthu woona msanga. Munthu wokhala yekha akasiya kugona, akayamba kudzitsekera m'chipinda ndi kumayankhula yekha, palibe womuuza kuti tiye tikaonane ndi adokotala, nde masabata amadutsa mpaka tsiku lina aphwanya zinthu kapena aopseza munthu panjira, anthu n'kuitana apolisi, ndipo wobwera ndi apolisi nthawi zambiri amalowa mokakamizidwa basi. Kubwera ndi apolisi, kuoneka ngati angavulaze ena, kusavomereza kuti ukudwala ndi kusiya mankhwala, zonsezi zili m'lipotimo.

Za mankhwalazi ndiima pang'ono chifukwa ndi pomwe inu muli. Anthu ambiri sasiya chifukwa cha makani. Mankhwala a psychosis ena amagonetsa, ena amanenepetsa, ena amaumitsa thupi ndi kunjenjemeretsa manja, ndipo munthu akayamba kupeza bwino amadzifunsa kuti ndikuvutikiranji. Komanso kusazindikira kuti ukudwala ndi mbali ya matendawo, nchifukwa chake kumukalipira sikuphula kanthu. Mufunseni chomwe chikumusowetsa mtendere ndipo mukawauze adokotala, amatha kuchepetsa mlingo, kusintha mtundu, kapena kumuika pa jekeseni ya pakatha masabata awiri kapena anayi. Ngati amasuta chamba nenaninso, chimadzutsa psychosis.

Koma si matenda okha amene amagamula. Kafukufuku wina wa 2019 yemweyo anayerekeza mayiko, ku Austria anapeza anthu 282 pa 100,000 aliwonse pachaka ogonekedwa mokakamiza, ku Italy 14.5 okha. Kodi anthu a ku Austria ndi odwala kwambiri choncho? Ayi ndithu. Italy inakhazikitsa lamulo mu 1978 lotseka zipatala zikuluzikulu za matenda a maganizo, ndipo lamulo lokakamiza munthu kumeneko limayamba ndi masiku 7. Ku England, pansi pa lamulo la 1983, amatha kumusunga munthu mpaka masiku 28 pomuyeza, ndipo anthu akuda amagwidwa ndi lamuloli kuposa katatu poyerekeza ndi azungu, zomwe kwa ine zikuonetsa kuti mantha a womuyezayo amalowereranso. Nde fufuzani lamulo la dziko lomwe mukukhala: ndani amasaina, masiku angati, apilo imapita kuti.

Chomwe chaoneka kuti chimathandiza ndi pulani yolemberatu munthu ali bwino. Iye, inu ndi adokotala kapena anesi mukhale pansi mulembe zizindikiro zake zoyamba, woti aimbiridwe foni, mankhwala omwe amamuyanja ndi omwe sawafuna. Kafukufuku woyesa njirayi anapeza kuti imachepetsa kugonekedwa mokakamiza ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Pomwe kumukakamiza chithandizo ali kunyumba ndi mphamvu ya lamulo, ataziyesa ku England m'kafukufuku wa OCTET wa 2013, sikunachepetse kubwerera m'chipatala.

Nde sabata ino musadikire tsiku lake la ku kiliniki, apempheni amuone msanga, ndipo nkhani ya pulaniyi muiyambe pa tsiku lomwe wadzuka bwino, mukumufunsa iyeyo chomwe akufuna. Koma akayamba kunena zodzipha, kuopseza anthu kapena kukana kudya ndi kumwa, pamenepo musanyengererenso, pitani naye ku chipatala tsiku lomwelo.