Tsiku la Chikhalidwe pa Chitakale: Tiyambire Pati?

Funso: Zikomo akonzi. Ndife gulu la achinyamata ndipo tikufuna kumachititsa tsiku la mbiri, luso ndi magule kamodzi pamwezi m'nyengo ya masika. Tiyambire pati? Wowerenga, Chitakale, Mulanje

Yankho: Yambani mwakaonana ndi a mfumu, kenako lembani kalata ku khonsolo ndi kupolisi kusanatsale masabata awiri. Sankhani tsiku losasintha, monga Loweruka loyamba la mwezi, kuti anthu azolowere.

Chimene chimagwetsa mwambo wotere kwanuko ndi chiperoni, chomwe chimavuta kuyambira Meyi. Chinyontho chimafewetsa chikopa cha ng'oma ndipo kulira kwake kumazilala. Konzeranitu nkhuni, oimba aziwamba ng'oma pamoto gule asanayambe, ndipo pemphani holo kapena kalasi yoti muthawiremo. Tchopa muike masana anthu atachuluka. Wolengeza auze ana kuti gule wa Alhomweyu analowa m'kaundula wa zachikhalidwe wa UNESCO, nthambi ya bungwe la United Nations, mu 2014.

Mbiri ikambidwe m'mawa. Agogo awiri, mphindi 20 aliyense, akwanira. Ikapitirira apo ana amabalalika. Mutu umodzi pamwezi: linga la Fort Lister lomwe linamangidwa mu 1893 ndi malonda a akapolo, mwezi wina chiyambi cha minda ya tiyi.

Kalongonda aphikidwe dzulo lake ndi amayi omudziwa, madzi akutayidwa kangapo, chifukwa wosapsa amazunguza mutu. Osema ziboliboli alandiridwe, koma za mkungudza wa m'phiri ayi, popeza mtengowu ndi wotetezedwa ndipo watsala pang'ono kutheratu.