Kodi ku Nkhotakota kuli chonyadira? Ndikuyankha mchemwali wa ku Area 25

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina amene amakhala ku Area 25 ku Lilongwe. Akuti iye anabadwira m'tauni, makolo ake onse awiri ndi a ku Nkhotakota koma kumudziko anangopitako kawiri, konseko kunali kumaliro. Funso lake linali lotere: "Anzanga kuntchito akamakamba za kwawo, wa ku Mulanje amatchula phiri, wa ku Karonga amatchula Kilombero, ine ndikangoti Nkhotakota amati kuja ankagulitsa akapolo kuja? Ndiye ndimangokhala chete. Kodi kwathuko kuli chani choti munthu n'kunyadira?"

Achemwali, imelo yanuyi ndinaiwerenga kawiri ndipo inandikhudza, chifukwa ine mchombo wanga unagwera konkuno ndipo mpaka lero ndimakhala pa boma pompano.

Za akapolozo anzanuwo sakunama ayi, ndipo musamazikane. Cha m'ma 1840 kunafika Mswahili wina wochokera ku Zanzibar, Salim bin Abdallah, amene anakhazikika m'mphepete mwa nyanja muno n'kutenga udindo wa Jumbe. Malonda ake anali minyanga ya njovu ndi anthu. Anthu ankawagwira kumtundaku, kuwasonkhanitsa pano, kuwakweza m'zombo za matanga kuwolokera tsidya lija, kenako ulendo wapansi wa miyezi mpaka ku Kilwa ku nyanja ya mchere, ndipo ambiri ankathera panjira. Anthu amenewo anali abale athu, ana a eni ake. Koma chimene anzanu sadziwa n'chakuti nthawi yomweyo Achewa ambiri ankathawira kwa Jumbe yemweyo poopa nkhondo za Angoni, chifukwa iye anali ndi mfuti, n'chifukwa chake mudzi wa Kota Kota (azungu ankalemba choncho) unakula kwambiri. Ndiye inu ndi ine tikamati kwathu ndi kuno, mwa makolo athu muli amene anathawira kuno, muli amene anabwera ndi Jumbe, mwinanso muli amene anapulumuka ali kale pa gombe. Nkhaniyi ndi yowawa koma ndi yathu.

David Livingstone anadutsa kuno mu 1861 n'kubweranso mu 1863, ndipo mtengo wa mkuyu umene amati anakhala pansi pake pokambirana ndi Jumbe za kusiya malondawa uli ku mishoni ya Anglican, kufupi ndi chipatala cha St Anne's. Jumbe sanamumvere. Malonda anapitirira zaka zina pafupifupi 30, mpaka Harry Johnston, nthumwi ya boma la Angerezi, anadzapangana pangano ndi Jumbe wa nthawi imeneyo mu 1889, ndipo Jumbe womaliza Angerezi anamuchotsa pampando n'kumutumiza ku Zanzibar. Ndili mwana tinkadutsa pa mtengo umenewo tikuchokera kusukulu osauyang'ana n'komwe, ndinadzayamba kuima pamenepo nditakula, tsiku lina nditaona gulu la ana a sukulu ochokera ku Kasungu atabwera pa basi yonse kudzangoona mtengo umene ife tinkaupitirira daily.

Tsopano chimene ine ndimanyadira kwambiri ndi ichi, ndipo ndikufuna muchimvetse bwino. Chisilamu chinafika kuno ndi a Jumbe. Chikhristu chinafika ndi amishoni a mpingo wa Anglican otchedwa UMCA amene anatsegula mishoni yawo mu 1894, ndipo iwowo anabwera kudzalimbana ndi malonda a Jumbe omwewo. Mukaganiza bwino, mbali ziwirizi zinayenera kukhala pa udani mpaka kalekale. Koma bwerani mudzaone. M'mamawa kusanache mumamva azana kuchokera ku mzikiti, Lamulungu belu la ku All Saints likulira, ndipo m'banja limodzi mumapezeka malume ndi shehe pamene azakhali ali mu Mothers' Union. Pa Idi mbale ya mpunga imadutsa mpanda kupita kwa neba wachikhristu, pa Khirisimasi imabwerera, ndipo Mkhristu akafuna kupha mbuzi ya ukwati amaitana mnzake wachisilamu kuti adzazinge kuti aliyense adye momasuka. Pamaliro ndiye simungasiyanitse, onse ali pa manda amodzi kukumba, amayi onse ali kuseri pa mapoto. Sindikunena kuti mikangano kulibe, anthu ndi anthu, koma kukhalirana kotereku sikunangogwa kumwamba, makolo athu anachita kukuphunzira pamalo pomwe panali magazi ndi misozi.

Mu tchalitchi cha All Saints chomwecho muli manda a Bishopu Chauncy Maples, amene anamira pa nyanja mu 1895 boti lake litagubuduzika ndi mphepo, atangodzozedwa kumene ubishopu wa ku Likoma. Sitima ija ya Chauncy Maples dzina lake linachokera kwa iyeyu. Amene amadziwa mwera wa pa nyanjayi, ukamakuntha mu June ndi July mafunde akuchita kuyera, sadabwa ndi nkhani imeneyi.

Mnzanu wa ku Karonga akadzatchulanso Kilombero, inu mudzamufunse ngati anadyapo faya. Mpunga wa faya ndi wakale kuno, akuluakulu amati unabwera ndi Aswahili omwe aja, pamodzi ndi mitengo ya kokonati ndi mango amene ali mbwee m'tauni muno. Ukamapsa fungo lake limafika kwa neba. Lero anthu akulima mpunga wambiri ku sikimu ya Bua ndi m'madambo ena, ndipo mavenda amabwera ndi malole kudzapikula.

Koma chakudya chenicheni cha kwanu ndi kondowole, ndipo apa ndichedwepo pang'ono chifukwa ndikudziwa kuti m'tauni ena amaiseka kuti ndi ulimbo. Agogo anga aakazi ankakumba chinangwa chowawa chija, kusenda, n'kuchiviika m'madzi masiku atatu kapena anayi mpaka chifewe ndipo kuwawa kuchoke, kenako kuchifinya n'kuchiyanika pa thandala padzuwa, pabwalo ponse pali fungo lowawasa limene mpaka pano ndikalimva ndimakumbuka kwathu. Chikauma ankasinja mu mtondo n'kusefa, ufa wake woyera ngati wa tirigu. Pophika sachita phala ngati nsima ya chimanga ayi, madzi akangowira amaphula poto, kumupana ndi mapazi, kuthira ufa n'kuyamba kuvundula ndi mphamvu zonse thukuta lili kamukamu. Ikatero mupeze utaka wowamba kapena usipa wofutsa, pambali chigwada chotendera. Mukadya imeneyo masana, madzulo mumangomwa madzi. Ndipo chaka chimene mvula yavuta chimanga n'kupserera kumtunda, chinangwa chimakhala chili m'nthaka phee, chapulumutsa mabanja ambiri kuno ku njala.

Pandale napo tilipo. Mu 1960, Kamuzu atangotuluka ku ndende ya Gweru, msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unachitikira kuno ku Kota Kota, ndipo ndi pamsonkhano umenewo pamene anamupanga kukhala pulezidenti wamuyaya wa chipanicho. Kaya wina amaiona bwanji nkhani imeneyo, koma mbiri ya dziko lino inakhotera pano.

Kumtunda kwa boma kuli nkhalango ya Nkhotakota Wildlife Reserve, yaikulu ma sikweya kilomita 1,800, msewu wa M18 wopita ku Kasungu umadutsa mkati mwake. Njovu zinatsala pang'ono kutha ndi opha nyama mozemba, zinatsala zosakwana 100. A bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks atayamba kuyendetsa nkhalangoyi mu 2015, anasamutsira kuno njovu pafupifupi 500 mu 2016 ndi 2017 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, pa malole, ulendo wa makilomita mazanamazana. Ine ndimaona kuti chinali chinthu chachikulu, ngakhale ndimamvetsanso anthu a m'midzi yoyandikana ndi nkhalangoyi amene njovu ikathyola waya imawathera munda usiku umodzi, amenewo asamaiwalidwe tikamanyadira. M'nkhalango momwemo mumadutsa mtsinje wa Bua, umene mpasa imakwera kuchokera ku nyanja kukaswana, nsomba imene yasowa m'mitsinje yambiri. Kumpoto kuli Dwangwa, minda ya mizimbe mpaka maso kutopa, ndiye shuga wina amene mumathira mu tiyi ku Area 25 ko ndi wa kwanu. Kulinso akasupe a madzi otentha a Mawira kufupi ndi boma, madzi ochita kutuluka nthunzi pansi popanda wosonkhezera moto.

Ndiye achemwali, pempho langa ndi lakuti ulendo wachitatu usakhale wa maliro. Kwerani minibasi ya ku Salima, kuchoka apo mutenge M5, ndi makilomita pafupifupi 200 kuchokera ku Lilongwe. Mukafika pa mlatho wa Chia muuze dalaivala aime pang'ono, anyamata adzakuthamangirani atanyamula chambo m'mwamba chikadali chonyowa, mugule, adzakumangirirani pa galasi la galimoto kuti chizipitidwa mphepo. Bwerani cha mu September kapena October mwera utaleka, nyanja ili bata. Ndipo musanayambe kuzungulira malo onse ndatchulawa, mukayambe mwakhala pa mkeka ndi azakhali anu kapena agogo amene atsala kumudziko, muwafunse kuti kodi ife tinachokera kuti, tinafika bwanji kuno, mfumu yathu ndi Malengachanzi kapena Kanyenda kapena Mwadzama. Mutenge kope ndi cholembera, ndipo mukabwerera mudzandilembere zimene akakuuzeni, ndikufuna ndidzazimve.