Gulani kamera ya APS-C, musadikire ya mphekesera

Achimwene, musadikire kamera ya mirrorless (yopanda kagalasi mkati) ya full frame (ya sensa yaikulu) imene mwamva kuti ituluka chaka chamawayo. Gulani ya APS-C (ya sensa yocheperapo) panopa, ndalama zotsalazo muike pa lenzi yabwino.

Zoonadi, sensa (kachipangizo kolandira kuwala mkati mwa kamera) ya full frame ndi 36 x 24 mm pomwe ya APS-C ndi pafupifupi 23.5 x 15.6 mm, ndiye mumdima yaikuluyo imapambana. Koma ine ndimajambula maukwati ndi Fujifilm X-T3, yomwe ndi ya APS-C, ndi lenzi ya 35mm f/1.4 (yolowetsa kuwala kochuluka), ndipo ngakhale m'tchalitchi choyaka mababu awiri okha, nkhope ya mkwatibwi imatuluka bwinobwino. Khosinso silindiwawa pofika madzulo, poti malenzi ake ndi opepuka.

Mukagula yakale, katswiri wokonza makamera ayambe waona sensa ndi shutter (kachitseko kotseguka pojambula) musanalipire.