Yankho la amalume pa za buku la Marechera

Eya, mphwanga, ndamva funso lako lija, loti The House of Hunger yomwe akupatsani kusukuluko ilibe mutu ndi mchira, kaya wolembayo mutu unkayenda bwino. Ndili pamsika pa Luchenza pano, phokosolo ndi la maminibasi, upirire.

Dambudzo Marechera anali wa ku Zimbabwe, anabadwira ku Rusape mu 1952, dzikolo likadali Southern Rhodesia. Bambo ake anagundidwa ndi galimoto iye akadali mnyamata, banja n'kulowa mu umphawi wadzaoneni. Koma nzeru, eee! Ku yunivesite ya Rhodesia anamuchotsa mu 1973 chifukwa cha zionetsero za ophunzira, anapita ku yunivesite ya Oxford ku England, nakonso anamuthamangitsa. Bukulo analilemba akungogona pena paliponse ku England, linatuluka mu 1978, chaka chotsatira n'kupata mphoto ya nyuzipepala ya ku Britain ya Guardian.

Tsono zikukusokonezazo, zoti nkhani ikuyamba lero, mwadzidzidzi ili paubwana, kenaka maloto, kenaka ali m'bala, anachita dala. Dala ndithu. Alembi ambiri a nthawi imeneyo ankayala nkhani mwadongosolo: mudzi unali pamtendere, mtsamunda anabwera, anthu anadzuka. Iyeyu ankaona kuti moyo wa m'lokeshoni, njala, nkhanza za m'nyumba, apolisi a Ian Smith, mtsogoleri wa boma la azungu la Rhodesia, suyalika choncho. Mwana wokulira m'menemo maganizo ake amakhala ngati mtsuko wosweka, ndiye iye anakupatsa mapalewo mmene alili, osamata. Apa m'pamene ine ndimamuvulira chipewa, chifukwa sananamize munthu kuti ufulu ukadzabwera mabala onse adzapola. N'chifukwa chake ngakhale boma latsopano la Zimbabwe itapata ufulu silinamukonde: buku lake lachiwiri, Black Sunlight, analiletsa kwa kanthawi mu 1981.

Atabwerera kwawo mu 1982 ankagona m'mapaki a mu Harare, akulemba pa taipilaita yake pabenchi, buku lake la Mindblast la 1984 linachokera kumeneko. Mowa unamuwononga, zimenezo zimandiwawa kwambiri. Anamwalira mu 1987 ali ndi zaka 35 zokha.

Ndiye iwe usamafunefune kuti zithera pati. Uziwerenga mokweza, masamba ochepa patsiku, uzimvetsera mawuwo mmene akupwetekera. Pomwe pakukanika ulembe chizindikiro ndi pensulo, ukabwera pa holide tidzapaonere limodzi. Mayi ako uwauze kuti nandolo wawo ndatumiza kale.