Poyambira pofufuza kholo limene linakatsegula munda ku Kentucky

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati apongozi anu ku America akusungitsani Baibulo lakale la banja, lolembedwa mayina ndi masiku obadwa patsamba loyamba, ndipo nkhani ya m'banjamo imati kholo lawo linachoka ku Virginia kupita ku Kentucky cha m'ma 1780 n'kukafera komweko. Mukufuna kudziwa poyambira kuti ana anu adzadziwe kuchimuna kwawo. Ena akuuzani kale kuti mungolemba dzinalo pa intaneti. Lembanidi, koma zimene mupeze kumeneko muzione ngati mphekesera mpaka mutaona chikalata chenichenicho. Ine ndinataya miyezi itatu ndikutsatira munthu wolakwika, wa dzina lofanana, m'dera lomwelo, chifukwa wina anawasakaniza pa mzera wa makolo umene anaika pa intaneti, enanso n'kumangokopera.

Yambani ndi Baibulolo. Onani chaka chimene linasindikizidwa. Ngati ndi la 1850 koma muli tsiku lobadwa la 1762, ndiye kuti wolembayo ankalemba zimene anamva. Onaninso inki ndi kalembedwe. Mayina khumi olembedwa ndi dzanja limodzi, inki imodzi, analembedwa tsiku limodzi, mwina ndi mdzukulu. Zimenezo si zabodza ayi, koma zaka zimaterereka.

Ndikupatseni chitsanzo cha banja limene akatswiri analifufuza mpaka pansi, kuti muone mmene nkhani ya pakamwa ndi mapepala zimakumanirana. Agogo ake a Pulezidenti Abraham Lincoln, amenenso dzina lawo linali Abraham, anabadwa mu 1744 ku Berks County, Pennsylvania. Banja lawo linasamukira kuchigwa cha Shenandoah ku Virginia, ndipo iwo atagulitsa munda wawo kumeneko mu 1780 analowera ku Kentucky. Tsiku lina ali kumunda ndi ana awo atatu, Mordecai, Josiah ndi Thomas, anawomberedwa ndi mmodzi wa eni nthaka, anthu amene analiko Azungu asanafike. Josiah anathamangira kulinga la Hughes Station kukaitana anthu, Mordecai analowa m'nyumba n'kutenga mfuti, n'kuwombera munthu amene ankayandikira Thomas, mwana wa zaka zisanu ndi zitatu. Thomas ameneyu ndiye anadzabereka pulezidenti.

Nkhaniyi pulezidenti anaimva kwa bambo ake, ndipo polemba mbiri yake mu 1860 anati zinachitika cha m'ma 1784. Koma mapepala amati ayi. Malo a agogowo a maekala 400 ku Long Run anapimidwa mu 1785, ndipo pamlandu wina ku khoti Mordecai ananena kuti bambo ake anamwalira mu May 1786. Mwina mukuti zaka ziwiri n'chiyani. Virginia inali itakhazikitsa lamulo lothetsa mwambo woti mwana wamwamuna woyamba atenge malo onse ngati bambo afa osasiya wilo, koma lamulolo linayamba kugwira ntchito mu January 1787. Bambo anafa osasiya wilo kutatsala miyezi yochepa, choncho malo anapita kwa Mordecai, mwana woyamba, Thomas n'kukula akugwira maganyu. Chaka cha imfa chokhacho chikufotokoza chifukwa chake wina anali ndi malo pamene mng'ono wake analibe.

Chinanso: pamapepala a malo aja dzina linalembedwa kuti Linkhorn. Akalaliki a nthawiyo ankalemba mmene amvera. Dzina la apongozi anulo lilembeni m'njira zonse zimene munthu wotopa, wolemba ndi nthenga, akanalimvera, ndipo mufufuze zonsezo. Mawu oti Junior nawonso asakupusitseni. Nthawi imeneyo ankangotanthauza wamng'ono mwa anthu awiri a dzina limodzi m'deralo, ngakhale asali bambo ndi mwana.

Tsopano pamene ambiri amasokera ndi pa malire. Munthu amatha kukhala pamunda umodzi moyo wake wonse koma mapepala ake ali m'makhoti atatu. Kentucky inali mbali ya Virginia mpaka 1792. Mu 1780 inagawidwa m'maboma atatu, Jefferson, Fayette ndi Lincoln, kenaka Nelson inadulidwa ku Jefferson, Washington ndi Hardin n'kudulidwa ku Nelson. Chikalata chimatsala kumene chinalembedwera. A Lincoln omwewa zinawachitikira. Kwa zaka zambiri kunali miseche yoti makolo a pulezidenti sanakwatirane mwalamulo, chifukwa ku Hardin County, kumene iye anabadwira, kunalibe pepala la ukwati. Linadzapezeka mu 1878 ku khoti la Washington County, iye atamwalira kale: Thomas Lincoln ndi Nancy Hanks, 12 June 1806, m'busa wake Jesse Head. Kumeneko ndi kumene mayi ake a Thomas anasamukira ndi ana atafedwa. Ndiye musanafufuze chilichonse, dziwani kuti malo a kholo lanulo anali m'boma liti chaka chimenecho.

Mukapeza pepala la ukwati, musangowerenga mayina a mkwati ndi mkwatibwi. Mkwati ankasainira chikole pamodzi ndi munthu wina, ndipo munthu winayo kawirikawiri anali wachibale wa mkazi. Pa la Thomas anasainira Richard Berry ngati woyang'anira Nancy. Akazi a nthawiyo amasowa m'mapepala, ndiye dzina la wosainira, la mboni, la woyandikana naye munda, ndi limene limakufikitsani kwawo kwa mkaziyo. Anthuwa ankasamuka m'magulu, abale, alamu ndi a mpingo umodzi, podutsa ku Cumberland Gap kapena kutsika mtsinje wa Ohio pa maboti. Wanuyo akakusowani, tsatirani anansi ake.

Kalembera asakupatseni chiyembekezo chambiri. Wa 1790 wa Virginia ndi Kentucky anatayika, wa 1800 wa Kentucky chimodzimodzi. Amene alipo mpaka 1840 amatchula mutu wa banja wokha, enawo ndi manambala. Mayina a aliyense m'nyumba anayamba mu 1850, ndiponso a mfulu okha. Chimene chimathandiza ndi mabuku a msonkho, chifukwa ankalembedwa chaka ndi chaka: dzina, maekala, mtsinje umene malowo ali, akavalo angati. Mukawaika motsatana mumaona munthu akufika, akuwonjezera kavalo, mwana wake akuonekera atakwana zaka 21, kenaka dzina likuzimiririka, m'malo mwake n'kubwera la mkazi wamasiye. Pamenepo mwapeza chaka cha imfa popanda chikalata cha imfa. Ambiri mwa mabukuwa alipo mwaulere pa FamilySearch, tsamba la pa intaneti lofufuzira makolo, kungoti ena muyenera kutsegula tsamba ndi tsamba nokha.

Koma chuma chenicheni chili pa malo. Ku Kentucky munthu ankagula chilolezo cha boma chotchedwa warrant, n'kukalembetsa pamene akufuna, woyeza malo n'kudzapima, kenaka n'kulandira chikalata chaumwini. Sitepe iliyonse inasiya pepala, ndipo ofesi ya malo ya Kentucky inaika ambiri pa intaneti. Malire ankawatchula ndi mitengo ndi miyala: kuyambira pamtengo wakuti, kutsetsereka mpaka pamphambano ya mitsinje. Mtengo ukagwa, mlandu. Malo amodzi ankapezeka ndi eni atatu. Thomas Lincoln anavutika ndi milandu yotere pa Sinking Spring ndi pa Knob Creek, ndipo kumapeto kwa 1816 anawolokera ku Indiana, kumene boma linali litapima kale malo m'mabokosi ofanana lisanagulitse. Mwana wake anadzalemba kuti anasamuka pang'ono chifukwa cha ukapolo koma makamaka chifukwa cha vuto la zikalata za malo. Ngakhale Daniel Boone, amene anatsegula njira ya ku Kentucky mu 1775, malo ake ambiri anamupulumuka m'manja mpaka anasamukira ku Missouri mu 1799. Kwa iwo linali tsoka, kwa inu ndi mwayi, chifukwa pa milanduyi nkhalamba zinkalumbira n'kufotokoza kuti zinafika liti, zinabwera ndi ndani, ndani anamanga nyumba pati, ndani anaphedwa chaka chiti.

Ngati kholo lanulo linamenya nawo nkhondo ya ufulu wa America ndipo linakhala ndi moyo mpaka 1818 kapena 1832, funani fayilo ya penshoni ku National Archives, nkhokwe ya zikalata za boma la America. Wopempha ankafotokoza moyo wake ndi pakamwa pake, ndipo akazi amasiye ena ankang'amba tsamba la mayina m'Baibulo n'kulitumiza ngati umboni wa ukwati. Ngati Baibulo lanulo lili ndi tsamba long'ambika, musafulumire kunamizira ana. Palinso zolemba za Lyman Draper, wosonkhanitsa mbiri yakale, ku Wisconsin Historical Society, momwe muli zokambirana ndi nkhalamba zimene zinayamba kukhala kumaderawo ndi ana awo, koma kumeneko mupiteko mutadziwa kale dera ndi anansi.

Chimodzi ndikuchenjezeni ngati mnzanu. Mukadzatsegula mndandanda wa chuma cha masiye, umene ankalemba munthu akamwalira, mudzaona mphika, nkhwangwa, khasu, bedi, ng'ombe, chilichonse ndi mtengo wake. M'mabanja ena, pakati pa zinthu zomwezo, mudzapeza dzina limodzi la munthu, kapolo, popanda la bambo, ndi mtengo wake pambali. Ine nditaona koyamba ndinatseka kompyuta tsiku limenelo. Ndiponso malo amene mapepala amawatcha opanda mwini anali osakako a Shawnee ndi a Cherokee, mitundu ya eni nthaka amene ankateteza kwawo. Apongozi anu mwina sanazimvepo zimenezi, ndiye muganiziretu mmene mudzawauzire.

Pakadali pano jambulani tsamba la kutsogolo la Baibulolo, pamene pali chaka, ndi tsamba la mayinalo, ndipo muwafunse apongozi ngati akukumbukira dzina la mtsinje kapena tchalitchi chilichonse. Mukandiuza mtsinje, ndikuuzani khoti loyambira.