Funsani Tikuyankheni: Nkhuni Sizikhalitsa pa Chitofu Changa

Funso: Ndine mayi wa ana anayi ndipo ndimakhala ku Kapata, mumzinda wa Chipata. Chaka chatha tinamanga chitofu cha njerwa ndi dothi chifukwa makala anakwera mtengo, komanso magetsi amazimazima. Vuto langa ndi lakuti mtolo wa nkhuni sukhalitsa, makamaka tsiku lophika nyemba. Anansi anga anandilangiza kuti ndizidzaza nkhuni m'chitofu n'kutseka pakhomo pake ndi njerwa kuti moto uzinyeka pang'onopang'ono, koma ndikatero utsi umadzaza khitchini yonse ndipo nyemba zimachedwa kupsa. Kodi ndichite bwanji kuti moto uzikhalitsa?

Yankho: Zikomo amayi chifukwa cha funso lanu. Anansi anuwo anakulangizani ndi mtima wabwino, koma njira yotseka pakhomo la chitofu muisiye lero lomwe. Nkhuni zikatentha zimatulutsa mpweya umene umayaka n'kukhala malawi, ndipo malawiwo ndiwo amapsetsa ndiwo zanu. Mukaumana moto mphepo, mpweya uja suyaka, umangotuluka ngati utsi ndi mwaye. Choncho utsi umene ukukulizani maso m'khitchinimo ndi nkhuni zimene munagula ndi ndalama zanu zikuthawa osakuphikirani kanthu. Inde moto wofuka umachedwa kuzima, koma kuchedwa kwake kulibe phindu ngati mphika suwira.

Tiyambire pa nkhuni zenizenizo, pakuti mabanja ambiri amalakwitsa pomwepa. Mtengo umene wangodulidwa kumene umakhala ndi madzi ochuluka, nthawi zina pafupifupi theka la kulemera kwake, pamene nkhuni zabwino zimafunika kuti madzi ake atsike kufika pa magawo 20 pa 100 alionse kapena kucheperapo. Mukasonkha nkhuni yaiwisi, moto umayamba wataya mphamvu zake kuumitsa madziwo. Mudzaiona ikulira kuti tswii, thovu likutuluka kumapeto kwake, khungwa likuda osayaka. Youma bwino imapepuka m'manja, imakhala ndi ming'alu kumutu, ndipo mukamenyanitsa ziwiri zimalira mokweza kuti ngwe, osati mogontha. Ogulitsa ena amabisa zaziwisi pakati pa mtolo, ndiye musachite manyazi kusolola imodzi yapakati musanalipire. Zikafika pakhomo, ziwazeni, muziunjike pansanja kuti zisakhudze nthaka, mufunde pamwamba pokha ndi kusiya m'mbali kuti mphepo izidutsa. Nkhuni za nthawi ya dzinja ziyenera kuwazidwa m'chilimwe, mvula ya November isanayambe.

Mtundu wa mtengo nawonso uli ndi mbali yake. Mitengo yolimba ndi yolemera, monga tsanya wa kuchigwa cha Luangwa, mthethe ndi mombo, imanyeka mochedwa n'kusiya makala ofiira amene amasunga kutentha nthawi yaitali. Zitsononkho, mapesi, makoko a nshawa ndi timitengo ta gilisidiya, mtengo umene bungwe la COMACO limalimbikitsa alimi kubzala kuno kum'mawa, zimalilima msanga n'kutha. Zimenezi n'zabwino pokoleza moto, pophika tiyi ndi phala, ndipo zikuthandizani kusunga nkhuni zolimba kuti zigwire ntchito ya nyemba ndi nyama. Ine ndimakondwera ndi gilisidiya chifukwa ukamudula amaphukanso, pamene mombo ukagwa umatenga zaka zambiri kuti ubwerere, ndipo aliyense amene amayang'ana mapiri ozungulira Chipata akuona mmene ayerera.

Posonkha moto, kolezani ndi tizidutswa touma mpaka malawi atakhazikika ndipo chitofu chatentha. Kenako lowetsani nkhuni ziwiri kapena zitatu zokha, zonenepa ngati dzanja lanu, mitu yake yokha ndiyo ikhale pamoto, n'kumazikankhira mkati pang'onopang'ono pamene zikunyeka. Pansi pa nkhunizo pakhale mpata woti mphepo ilowerepo. Kanjerwa kapena kachitsulo kotsamiritsira nkhuni pakhomo kamathandiza kwambiri. Phulusa likachuluka limatseka mpatawo, choncho muziliwola m'mawa uliwonse. Mphika ukawira, sololani nkhuni imodzi n'kuizimitsa m'dothi kuti mudzaigwiritsenso ntchito, chifukwa madzi owira mwaukali sapsetsa nyemba msanga kuposa owira modekha. Chivundikiro chisachoke pamphika.

Pa nkhani ya nyemba, pali njira imene imapulumutsa nkhuni kuposa zonsezi. Zivuikeni m'madzi usiku wonse, m'mawa muziwiritse kwa mphindi 30, kenako muphule mphikawo uli chiwirire, wovundikira bwino, muukulunge m'bulangete lakale n'kuuika m'dengu kapena m'katoni moyalidwa nsanza pansi ndi m'mbali. Musautsegule kwa maola 3 kapena 4. Kutentha kotsekeredwa mkatimo kumapitiriza kuphika popanda nkhuni ngakhale imodzi, ndipo chotsala ndi kungobwezera pamoto pang'ono pothira tomato, anyezi ndi mchere.

Ngati cholinga chanu n'chakuti moto wa masana ufike madzulo osafunanso machesi, dikirani malawi athe ndipo patsale makala ofiira okhaokha, muwasonkhanitse pamodzi n'kuwakwirira ndi phulusa, monga ankachitira agogo athu pamafuwa. Chimene mukukwirira ndi makala, osati nkhuni zimene zikadali kufuka.

Ndikupempheni chinthu chimodzi makamaka pa nyengo yozizira ya June ndi July. Moto wosowa mphepo umatulutsa mpweya wakupha wotchedwa carbon monoxide, umene suoneka ndiponso sununkha, ndipo makala okwiriridwa nawonso amautulutsa. Musagone m'chipinda chotseka muli moto kapena mbaula, zenera la khitchini lizikhala lotsegula pophika, ndipo mwana wakumsana asakhalitse pautsi. Wina akayamba kumva mutu, chizungulire, nseru kapena kufooka ali pafupi ndi moto, mutulutseni panja msangamsanga n'kuthamangira naye kuchipatala. Mapulasitiki ndi matabwa opakidwa penti kapena mankhwala a chiswe asalowe m'chitofu chanu ngakhale pokolezera, chifukwa utsi wake ndi poizoni.