Lembani kamodzi, zotsalazo ichite kompyuta

Achemwali ena, kalaliki pa shopu ya zipangizo zomangira ku Luwinga, anditumizira imelo. Akuti amaweruka kutada chifukwa cha ntchito zomwezomwezo: kuyankha ofunsa mtengo wa simenti ndi malata pa WhatsApp, kulemba malisiti, kenako kuwonkhetsa za tsikulo kuti abwana aone. Akufunsa kuti agule pulogalamu yanji ya pakompyuta.

Achemwali, musagule kaye kanthu. Sabata ino ikani kakope pambali, muzichonga paliponse pamene mwalemba chinthu kachiwiri. Ndikukhulupirira mupeza kuti matumba khumi a simenti amene wagula munthu mmodzi mukuwalemba pa lisiti, m'buku la sitoko, m'buku la ngongole, madzulo n'kuwakoperanso mu lipoti. Nthawi yanu ikuthera pa kukoperako.

Tsegulani tsamba limodzi mu Excel kapena Google Sheets, mapulogalamu olembamo matebulo ndi kuwerengera masamu. Malonda alionse akhale ndi mzere wakewake: tsiku, wogula, katundu, kuchuluka, mtengo, ndi malipiridwe, kaya ndi kashi, Airtel Money, Mpamba kapena ngongole. Fomula (lamulo la masamu limene mumalemba m'tsambamo) ya SUMIFS ndiyo iziwonkhetsa yokha zimene zalowa pa Mpamba lero, kapena ngongole yonse ya kontilakitala uja wa ku Chibavi. Koma apa ndi pamene ambiri amagwa. Mukalemba "simenti" m'mawa, "cement" masana, mnzanu n'kudzalemba "siment", kompyuta iona katundu wa mitundu itatu, masamu n'kusokonekera. Choncho pitani pa Data Validation, mukonze mndandanda woti munthu azingosankhapo dzina la katundu, osataipa. Ndi kantchito ka mphindi zochepa, koma kwa ine n'kofunika kuposa mafomula onse.

Za ofunsa mitengo, ikani WhatsApp Business, ndi yaulere. Muli katalogi yoikamo zithunzi ndi mitengo, mulinso mayankho osungiratu: mukangotaipa chizindikiro cha / amatuluka, inu n'kusankha. Maola otsegulira, malo amene shopu ili, nambala yolipirira, zonsezi zilembeni kamodzi basi. Chenjerani ndi mitengo yokha, poti masiku ano sikukhalitsa. Ikasintha, yambani mwakonza katalogiyo musanagulitse kanthu. Ndipo kasitomala amene wabwera ndi dandaulo, kapena bambo wamkulu amene mukumukumbutsa ngongole, musamutumizire uthenga wosungiratu. Muimbireni, mumupatse moni, mulankhule naye.

Ngati za msonkho zimadutsanso m'manja mwanu, PAYE (msonkho wodula pa malipiro a antchito) imayenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, VAT pa 25. Ikani masikuwa pa kalendala ya foni kuti izikukumbutsani mwezi ndi mwezi, kutatsala masiku atatu.

Magetsi akathima kapena netiweki ikavuta, buku la malisiti lisasowe pa kauntala, ndipo Lachisanu lililonse koperani failo yanu pa fulashi.

Chovuta kwenikweni ndi abwana. Ambiri amakhulupirira buku kuposa kompyuta, ndiye amakuuzani kuti muzichita zonse ziwiri, ntchito n'kuchuluka kuposa kale. Gwirizanani nawo poyambirira: mwezi umodzi wokha muyendetse buku ndi kompyuta limodzi, madzulo alionse muziwaonetsa kuti manambala akufanana. Mweziwo ukatha, buku la sitoko ndi lipoti lapamanja zitsekedwe.